Pepala la Nkhope ya a Lingisoni

Ana anga, mutu uno ndi wa mapepala. Ndikudziwa kuti ena a inu muudumpha kuti mukafike msanga pomwe ndidakumana ndi mayi anu, koma m'bale wanu Tiyamike auwerenga ndithu, chifukwa nkhaniyi idatiyambanitsa mwezi wathunthu, ndipo mpaka lero akamaifotokoza amaikometsera mbali yake. Iyi ndi mbali yanga.

Nathenje, chaka changa choyamba pa ntchito

Ntchito ndidayambira m'situdiyo ya a Mbewe pa Nathenje, kuseri kwa sitolo ya nsalu. A Mbewe adali munthu wamfupi, waukhondo wonyanya, wovala tayi ngakhale m'chipinda chamdima momwe mudalibe wowaona. Adandilemba chifukwa ndidawatopetsa ndi mafunso. Ndinkaima pakhomo pawo tsiku ndi tsiku kufunsa kuti munthu amalowa bwanji m'pepala, mpaka adati kuli bwino ndikadzionere ndekha kusiyana ndi kuwathamangitsira makasitomala. Tsiku loyamba adaviika pepala loyera m'beseni la mankhwala, ndipo pang'onopang'ono padayamba kutuluka mphunzitsi wina wa ku Nkhoma, tsitsi poyamba, kenaka maso, kenaka kolala ya malaya. Atalitulutsa m'madzi ndidatambasula chala kuti ndikhudze tsaya la mphunzitsiyo, nditsimikize ngati alimodi. Chopanira chachitsulo cha a Mbewe chidanditera pankhonyo.

"Iwe Mwale," adatero a Mbewe, "chithunzi sagwira pankhope. Uzichigwira m'mbali, ngati mbale yotentha."

Lamulo limenelo ndidalitenga ngati la m'Baibulo. Zaka zonse za ntchito yanga ndidakalipira anthu osawerengeka, akulu ndi ana omwe, chifukwa munthu wa kwathu kuno ukangomupatsa chithunzi, chala chatsogola kale: uyu ndi uje, uyu ndi mlamu wake, uyu adamwalira. Ndinkati ndi umbuli. Sindidadzifunsepo chifukwa chake amatero, ine amene ndinkafunsa za china chilichonse.

Mitundu, zaka za kusowa kwa filimu

A Mbewe atakalamba adandigulitsa kamera yawo imodzi, ndipo ndidatsegula situdiyo yanga pa Mitundu, moyang'anana ndi msika. Padali zaka zina zomwe filimu ndi mapepala zinkasowa m'tauni monse. Ndinkakwera basi m'mawa, kuzungulira masitolo tsiku lonse, kubwerako ndi paketi imodzi, nthawi zina chimanjamanja. Ndidaphunzira kudula pepala limodzi pawiri, mwina panayi, moti zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zomwe zili m'nyumba za kuno ndi zazing'ono ngati chikhatho. Anthu ankadandaula, ine ndinkawauza kuti ndiyo fashoni ya kutauni.

M'zaka zimenezo ndi momwe ndidajambula a Lingisoni. Adali woyendetsa ngolo, wonyamula fodya, njerwa ndi odwala, munthu wakuda bii, wokhala ndi chipsera patsaya lakumanzere pomwe ng'ombe yake idamugunda ndi nyanga. Tsiku lina la msika akazi awo, a Naphiri, adawakoka padzanja mpaka pakhomo panga. A Lingisoni sankafuna. Adavomera pokhapokha ng'ombe zawo ziwiri zitalowa nawo m'chithunzimo. Nditaimika kamera, a Naphiri adawayang'ana bwinobwino nagwira pakamwa.

"Bambo inu, mukadameta kaye. Anthu adzati ndimasunga chitsamba m'nyumba."

"Ng'ombezi zameta?" adayankha a Lingisoni. "Jambulani, a Mwale, katundu akundidikira."

Ndidajambula kamodzi kokha, poti filimu idali yosowa, ndipo ndidawatsukira pa theka la pepala. Chimenecho ndicho chithunzi chokhacho chomwe a Lingisoni adajambulitsa pa moyo wawo wonse. Filimu yake idadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi makatoni anga awiri chaka china cha mvula yambiri.

Meyi, chaka chomwe makina aakulu adabwera

Mafoni atafika m'manja mwa aliyense ntchito yanga idazilala. Ndidali pafupi kutseka pamene Tiyamike, atagwira zaka zingapo pa kampani ina yosindikiza m'tauni, adabwerera kumudzi nati situdiyo aitenga. Ndidamupatsa makiyi, ine ndidatsala ngati mlonda wokhala pampando. Iye ndiye adagula makina osindikizira zithunzi zikuluzikulu. Adabwera pa lole, aatali ngati bedi, ndipo tidachita kuzula chitseko kuti alowe. Sadya pepala lodulidwa, amadya mpukutu wautali womwe munthu amaunyamula paphewa. Ndidakhala masiku atatu ndikusuzumira m'kati kuona kamutu kake kakuthamanga uku ndi uku kakulavula inki. Ndidafunsa Tiyamike kuti nanga mankhwala otsukira amathira pati, adaseka mpaka misozi.

Wogulitsa adaikapo mpukutu umodzi wa basela, pepala lonyezimira kwambiri. Palibe adafunsa kuti ndi pepala la mtundu wanji. Zaulere sitifunsa zambiri, ndipo ine ndidangoona kuti likuwala bwino.

Sabata yachiwiri kudabwera a Naphiri, atakalamba, akuyenda mofufuza pansi ndi phazi. A Lingisoni adali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ana adakonza zovundukula chiliza mu Sepitembala. A Naphiri adamasula mfundo ya kansalu natulutsa kachithunzi kaja, kofiirira, kothothoka m'makona. Adamva kuti kwa a Mwale kwabwera makina okuza anthu. Tiyamike adakalowetsa m'kompyuta, adachotsa mikwingwirima ndi madontho tsiku lonse, ndipo madzulo a Lingisoni adatuluka m'makinamo nkhope yawo ili yaikulu ngati ya munthu wamoyo, chipsera chili poyera, ng'ombe zikusuzumira kumbuyo. Ndidanyada ngati ndapanga ndine. Pokhoma felemu a Naphiri adati galasi tisaikepo. Ndidaganiza kuti akuopa kuti lisweka pa njinga ya kabaza, poti msewu wa kwawo ndi wa mabampu, ndipo sindidafunse zambiri.

Julayi

Patatha miyezi iwiri adabweranso, chithunzi chili kumsana m'chitenje. Adachivundukula. Chipewa chidalipo, malaya adalipo, ng'ombe zidali bwinobwino, koma tsaya lakumanzere lidali litayera, chipsera chitapita, ndipo pamphumi padali mzere wotuwa. A Lingisoni ankaoneka ngati akufufutika kuyambira pakati.

"Bambo a Tiya," adatero mwakachetechete, "anthu akuti bambo akutha. Ine maso sindiona bwino, koma adzukulu akuti nkhope kulibe. Sepitembala afika?"

Mawu amenewo adandilasa. Munthu adamwalira kamodzi, ndipo pepala langa lidali kumupha kachiwiri m'nyumba mwa mkazi wake. Koma ndivomere kuti pamodzi ndi chisoni ndidagwidwa ndi chidwi chachikulu. Ndidatenga galasi lokuzira zinthu ndi kuyang'ana. Dzuwa likadafufuta chithunzi chonse, osati tsaya lokha. Madzi odontha padenga akadasiya mizere yotsika. Mphemvu zimayamba m'mbali. Ndidawafunsa ngati adapukuta ndi sopo, adakana. Ndidafunsa ngati adzukulu amaseweretsa, adati palibe angayerekeze. Pamenepo ndidati ndikaone ndekha pomwe chimakhala, ndipo m'mawa mwake ndidapalasa njinga mpaka kwawo, chithunzi ndachimanga pakaliyala.

Nyumba idali yofolera bwino, yosadontha, zenera lili kutali. Ndidakweza maso kufuna msomali pafupi ndi denga, pomwe anthu onse amapachika zithunzi moweramitsa. Kudalibe. Msomali udali m'munsi, pofika paphewa la munthu wamfupi, pambali pa khomo la kuchipinda. A Naphiri adalandira felemu, adafufuza msomali ndi dzanja, adapachika. Kenaka, akundiuza za mbuzi yawo yodwala, osaganizako n'komwe, adaika zala zitatu patsaya la a Lingisoni, adasisita kawiri, nakweza chala chachikulu pamphumi. M'manja mwawo munkanyezimira mafuta odzola.

"Mayi, mumatero tsiku lililonse?"

"Kutani?"

"Kuwagwira pankhope."

"Nanga ndiziwaona ndi chiyani? M'masomu muli ng'ala, ndimangoona chinthu chakuda pakhoma. Ndikadzuka, ndikasamba, ndimawadzutsa. Ndikachoka kudimba ndimawauza kuti ndabwera. Ndalakwa?"

Mawu a a Mbewe adafika pamlomo, ndidawameza. M'malo mwake ndidati tidzasindikiza china ndipo tidzaikapo galasi kuti chitetezeke. Adapukusa mutu.

"Iyayi, bambo. Zaka zonse zija ndakhala nawo, lero ndiziwapatsa moni pagalasi ngati kalaliki wa kubanki?"

Ndidapalasa njinga kubwerera. Funso lidali limodzi basi: kodi lilipo pepala loti dzanja la munthu lizilisisita m'mawa ndi madzulo, nkhope osachoka?

Ogasiti

Tiyamike adaimba mafoni ndipo adapeza chomwe chidalakwika. Inki ya makina athu ndi ya ufa wosalala kwambiri womwe umafuna pepala loumwa ndi kuugwira. Mpukutu wa basela udali wa makina a mtundu wina, a inki yamadzi, choncho inki yathu inkangokhala pamwamba ngati fumbi patebulo. Mpukutuwo udayenera kutayidwa, ndipo tidafunika kuitanitsa wina. Apa ndi pomwe padavuta. Wogulitsa m'tauni adati ndalama zakunja zikusowa, katundu aitanitsa kamodzi kokha, aliyense mpukutu umodzi, ndipo timuuze mwezi usanathe. Pa Mitundu mpukutu umodzi umatha miyezi yambiri. Chomwe tikadasankha ndicho chikadakhala pepala la maukwati onse, la ana onse omaliza sukulu, ndi la a Lingisoni. Adatipatsa zidutswa za mitundu inayi kuti tiyese: lonyezimira labwino, losanyezimira konse, lapakatikati, ndi lina lokhakhala ngati nsalu lomwe amati kanivasi, lofuna kupopera vanishi pamwamba likauma.

Tiyamike adali atasankha kale. Nyengo ya maukwati idali pafupi, ndipo mkwatibwi wa pa Mitundu amafuna chithunzi chowala choti alendo aphethire. Ine ndidapempha milungu itatu. Tidasindikiza nkhope ya a Lingisoni pa zidutswa zonse zinayi, katatu katatu. Gulu loyamba ndidalikhoma m'khitchini mwa mayi anu, pamwamba pa moto wa nkhuni. Lachiwiri ndidaliika pakhonde pomwe dzuwa limaomba masana onse. Lachitatu ndidalikhoma pa thabwa kuchipinda, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzola mafuta m'manja ndi kusisita tsaya lililonse maulendo makumi asanu, madzulo chimodzimodzi, kuti milungu itatu ifanane ndi zaka. Mayi anu adandipeza ndili pantchitoyo, adaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Tiya, ine chikwatiwire simunandisisitepo patsaya chonchi. A Lingisoni ali ndi mwayi."

Utsi ndi dzuwa sizidasiyanitse kwenikweni mapepalawo pa nthawi yochepayo. Chala ndicho chidaulula zonse. Lonyezimira lidasunga inki, koma lidadzaza zidindo za zala ndi tizikanda, moti pofika sabata yachiwiri tsaya lidachita chifunga. Losanyezimira lidandikhumudwitsa tsiku loyamba lomwe: munthu wakuda ngati a Lingisoni adangosakanikirana ndi mthunzi wa chipewa, chipsera osaoneka, ndipo mafuta adalowa ndi kusiya banga. Lapakatikati lidalimba ndithu, lidayamba kutuwa kumapeto kwa sabata yachitatu. Kanivasi wa vanishi sadasinthe konse. Ndidamupukuta ndi kansalu konyowa, adangowala. Koma chilema chake chidali poyera: ulusi unkaoneka, nkhope siinkatuluka yakuthwa ngati pa enawo, ndipo sankanyezimira.

M'milungu yomweyo ndidayamba chizolowezi chachilendo. Nyumba iliyonse yomwe ndalowa ndinkapempha kuona zithunzi zakale, zambiri zojambula ine ndemwe. Ndidapeza chinthu chomwe chidakhala pamaso panga zaka zonse osachiona. Pa chithunzi cha gulu, nkhope za amoyo zimakhala zoyera bwino, koma nkhope ya amene adamwalira imakhala yothimbirira, yopyapyala, nthawi zina yobooka. Kwa mbusa wina wopuma ndidaona chithunzi cha ana asanu ndi mmodzi, mmodzi yekha wopanda mphuno. Sindidafunse kuti ndi uti adatsogola. Anthu omwe ndinkawakalipira aja sankaononga zithunzi, ankacheza ndi abale awo.

Nditamuuza Tiyamike zimenezi sadagonje, ndipo sindimuimba mlandu. Makina adali ake, tsogolo la situdiyo lidali lake.

"Ababa, ndamva, ndipo a Naphiri ndikuwamvera chisoni. Koma situdiyo yonse tiisandutse ya munthu mmodzi? Akwatibwi akakaona ulusi pankhope apita kutauni, sadzabweranso. Titenge lapakatikati, likatuwa tidzawasindikizira china."

"Ndiye kuti chaka ndi chaka azidzabwera ndi mwamuna wofufutika kumsana?"

"Nanga ine ndizidzakhala ndi makina opanda makasitomala?"

Tidakhala masiku osalankhulana bwino, tikudya mbale imodzi. Kutatsala masiku awiri adaponya foni patebulo nati ndisankhe ndine, koma ndikalakwitsa ndikawafotokozere akwatibwi ndekha. Ndinene zoona, ndidachita mantha. Ndidali nditapereka makiyi, ndipo sichidali chanzeru kuti nkhalamba iike pachiswe ntchito ya mwana wake chifukwa cha chidwi chake. Lapakatikati lidali chisankho chopanda mlandu. Komanso maso anga, omwe a Mbewe adawaphunzitsa, ankandiuza kuti kanivasi ndiye wotsika pa onse anayi. Ndidaona kuti maso anga afika pomwe amathera, choncho ndidatuma wakabaza kukatenga a Naphiri.

Adafika chakumasana. Ndidayala zidutswa zinayi zatsopano patebulo, nkhope imodzimodzi pa chilichonse, osawauza kuti ili ndi liti. Tiyamike adaima pafupi ndi makina atapinda manja. Ndidati, "Mayi, tatiuzani, amuna anu ndi ati apa?" Sadaweramire n'komwe kuti ayang'ane. Adapukuta dzanja pachitenje naliika pa loyamba, lonyezimira lija.

"Awa ndi oterera ngati mbale yadothi ya kusitolo. Si iwo."

Pa losanyezimira adati ndi pepala la kalendala. Pa lapakatikati adakhalitsa pang'ono, kenaka adati, "Kaya, mwina ali mnyamata, ndisanawadziwe." Atafika pa kanivasi dzanja lidaima. Adasisita kutsika, adasisitanso kukwera, mosemphana ndi ulusi. Adapeza okha pomwe padali tsaya lakumanzere. Kunja anthu ankatsatsa tomato.

"Ndi iwowa," adatero. Adasisitanso kamodzi, kenaka adaseka pang'ono misozi ili m'masaya. "Koma taonani, bambo a Tiya. Mpaka lero sanametebe."

Nditatembenuka, Tiyamike adali atatola kale foni patebulo akutuluka panja. Ndidamumva pakhonde akuuza wogulitsa, mawu ali okhakhala, kuti kanivasi, mpukutu umodzi, ndi zitini za vanishi. Iye amati adasankha yekha. Ine ndimati ndidasankha ndine pomwe ndidatuma wakabaza. Mayi anu amati tonse awiri tidangoimirira ngati mitengo.

Sepitembala

Sindikunamizani kuti zonse zidayenda bwino. Akwatibwi awiri adakana kanivasi napita kutauni, ndipo mmodzi ndidakamufotokozera ndekha monga tidapanganira, adandiyankha mawu omwe sindingalembe muno. Ena adamukonda, makamaka apongozi, poti chithunzi chopanda galasi sichisweka posamuka. Situdiyo ilipo mpaka lero, ndipo katundu atayamba kupezeka Tiyamike amasunga mitundu iwiri. Wofuna kukuza chithunzi amamufunsa funso lomwe ine sindidafunsepo munthu pa ntchito yanga yonse: chikakhala pamwamba, kapena pofika dzanja?

Tsiku lovundukula chiliza a Naphiri adatiitana. Titachoka kumanda tidakhala pabwalo, ndipo a Naphiri adatulutsa a Lingisoni m'nyumba kuti abale ochokera ku Diamphwe ndi kwina awaone. Chithunzi chidayamba kuyenda dzanja ndi dzanja, anthu atangodya kumene nyama ya mbuzi. Aliyense chala patsaya: chipsera chija ichi, ng'ombe ija ndi iyi, koma munthuyu ankadana ndi lezala. Ndidaona zala zamafuta zikutera pankhope imodzi pambuyo pa inzake, ndipo nkhonyo yanga idakumbuka chopanira cha a Mbewe. Sindidakalipire munthu.

Potsiriza chidafika kwa ine. Ndidachilandira m'mbali, monga mwa nthawi zonse. Ndidayang'ana uku ndi uku ngati a Mbewe ali pafupi, kenaka ndidaika chala patsaya la a Lingisoni ndi kusisita chokweza. Ndevu zidalipodi.